BMW 640i Coupe: miyezi 8 ndikuyenda nayo kuno ku Mzuzu

Galimotoyi ndi ya 2013, ndinaitanitsa ku Japan itayendako kale. Inatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe.

Kukoma kwake ndinakumva bwino mu July, nditanyamuka m'bandakucha kupita ku Lilongwe. Chifunga chinali chitakuta Chikangawa yense, kunja kukuzizira koopsa. Ndinayatsa chotenthetsa mpando, pasanathe mphindi zingapo msana unafunda ngati ndakhala pafupi ndi mbaula. Mkati munali zii, mphepo osamveka, moti mayi akunyumba anagona tisanafike pa Jenda. Ulendo wa makilomita oposa 300, koma ndinatsika msana osawawa ngakhale pang'ono.

Injini yake ndi ya malita 3, masilinda 6, ya turbo, ndipo magiya 8 amasintha okha osagwedeza munthu. Mukapeza thiraki yamatabwa ikukwawa pachitunda, mumangoponda pang'ono, mwaidutsa kale. M'makona otsikira ku Nkhata Bay mumamva kuti ndi yolemera, komabe imagwira msewu, mtima sukhala m'mwamba.

Nkhani imasintha mukalowa m'tauni. Ndi yotsika kwambiri. Mahampu ndimawakwera chammbali, pang'onopang'ono, akabaza akundidutsa. Mvula ya kuno mukuidziwa. Kamsewu kopita kwathu kakachita matope, imakhala pakhomo sabata yathunthu, ine n'kumayendera pikapu yakuntchito. Anaipangira misewu ya tala, ndipo pamenepo sindingaiimbe mlandu.

Zitseko ndi ziwiri zokha. Mipando yakumbuyo ndi ya ana. Tsiku lina ndinatenga apongozi kupita nawo kutchalitchi, anavutika kupinda mawondo mpaka ndinawapatsa mpando wakutsogolo, mayi akunyumba n'kudzipanikiza kumbuyoko. Buti ndiye inandidabwitsa: malita 460. Thumba la mpunga wa Kilombero la makilogalamu 50 ndi masutikesi awiri zinalowa, malo n'kutsalako.

Tayala la sipeya mulibe, chifukwa matayala ake ndi aja amayendabe kamtunda ngakhale ataphwa. Saizi yake sindinaipeze mu Mzuzu, ndinachita kuitanitsa ku South Africa n'kudikira masabata atatu. Thanki ndi ya malita 70, ndipo petulo akasowa simungaiyerekeze kuyendera maulendo ang'onoang'ono a kumsika.

Amene mukufuna galimoto imodzi yoti izikuchitirani zonse, kusukulu, kumunda, kumaliro kumudzi, iyi isiyeni. Ine ndikuisunga. Mwezi wamawa ndili ndi ulendo wa ku Karonga, ndipo ndikufunitsitsa kuimva mmene itsikire pa Chiweta.