Mabuku, filimu ya 2004 kapena sewero la Netflix: njira yobwererera kwa ana amasiye a Baudelaire

Munthu amene anadziwana ndi ana amasiye a banja la Baudelaire ali wamng'ono, ndipo tsopano akufuna kuyambiranso nkhani yawo kapena kupatsa mwana wake, ali ndi makomo atatu oloweramo: mabuku 13 otchedwa A Series of Unfortunate Events, filimu ya 2004, ndi sewero la magawo 25 la pa Netflix. Onse atatu amayambira pa tsoka limodzi. Violet wa zaka 14, Klaus wa zaka 12 ndi khanda Sunny ali kugombe pamene bambo Poe a kubanki akuwauza kuti makolo awo afa nyumba itapsa, ndipo kuchokera pamenepo Count Olaf, munthu woipa amene amati ndi wachibale wawo, amawasaka pofuna chuma chimene chidzatulutsidwe Violet akadzakula. Kusiyana kwake kuli pa funso lakuti ndani akusimba, ndiponso kuti akulolera kuti ululu wa anawo ufike pati.

Mabukuwa analemba ndi Daniel Handler wa ku San Francisco pa dzina la Lemony Snicket, zithunzi anajambula ndi Brett Helquist, ndipo anatuluka kuyambira 1999 mpaka pa 13 October 2006. Mphamvu yawo yonse ili m'mawu a wosimba, Snicket mwini, amene amachonderera wowerenga kuti atseke buku akawerenge zosangalatsa, amaimitsa nkhani pamalo oopsa kuti amasulire liwu lovuta m'njira yoyenera tsoka la nthawiyo, ndipo buku lililonse amalipereka kwa Beatrice, mkazi amene iye anamukonda koma anamwalira. Mwana amaseka kupusa kwa akuluakulu amene amalephera kuzindikira Olaf ngakhale kudzibisa kwake kuli kwachibwana. Wamkulu akawerenganso amaona china chowawa, kuti bambo Poe si munthu woipa mtima, koma amamvera mapepala ndi malamulo kuposa mawu a ana amene ali pamaso pake, ndipo aliyense amene anaonapo achibale akuzungulira chuma cha masiye maliro asanathe n'komwe sadzafuna womumasulira zimenezi.

Ndiyenera kuvomereza kuti mabuku oyambirira amabwereza njira imodzi mpaka kutopetsa: anawo apita kwa wowasunga watsopano, Olaf wafika atadzisintha, akuluakulu sakhulupirira, wina wafa kapena wathawa. Zinthu zimasintha pa buku la 7, The Vile Village, pamene anawo anamiziridwa mlandu wakupha n'kuyamba kukhala othawathawa. Kuchokera pamenepo nawonso amayamba kunama, kudzibisa ndi kuyatsa moto, mpaka kudzifunsa ngati akusiyana ndi amene akuwathamangitsa. Buku lomaliza, The End, silimasula zinsinsi zambiri za V.F.D., gulu lobisika limene makolo a anawo anali mamembala ake, ndipo silinena n'komwe chimene chinali m'kambale ka shuga kamene anthu ankalimbirana. Ambiri zimenezi zinawakwiyitsa, koma ine ndimaona kuti wolembayo anachita zimene analonjeza kuyambira tsamba loyamba.

Filimu ya 2004, imene anatsogolera Brad Silberling, inapanikiza mabuku atatu oyamba m'maola osakwana awiri. Ndi yokongola m'maso kuposa zonse, ndipo inalandira mphoto ya Oscar pa luso lodzola ndi kusintha nkhope za ochita sewero. Meryl Streep anagwira bwino mantha a azakhali a Josephine, mmodzi wa owasunga anawo, pomwe Billy Connolly anapatsa amalume a Monty, wowasunga wina, mtima wabwino wochititsa imfa yawo kupweteka. Vuto ndi lakuti Jim Carrey, amene anasewera ngati Olaf, amadzaza chithunzi chonse, moti Olaf amasanduka wanthabwala amene woonera amamudikira m'malo momuopa. Palinso kusintha kumodzi kumene sindinakukhululukire. M'buku loyamba, Olaf atakakamiza Violet kulowa ukwati wachinyengo pakati pa sewero, mtsikanayo amadzipulumutsa yekha posaina chikalata ndi dzanja lamanzere pomwe iye amalembera lamanja. Filimuyo inasamutsira ukwatiwo kumapeto n'kupatsa Klaus ntchito yowotcha chikalatacho ndi kuwala kwa dzuwa kodutsa m'galasi, motero nzeru za mtsikana zinalandidwa n'kupatsidwa mlongo wake. Gawo lachiwiri silinapangidwe, choncho woonera amasiyidwa ndi mabuku 10 osakhudzidwa.

Sewero la Netflix, limene linatuluka kuyambira pa 13 January 2017 mpaka pa 1 January 2019, ndilo linafika kumapeto, ndipo Handler mwini anali m'gulu la olemba. Buku lililonse linapatsidwa magawo awiri kupatula lomaliza limene lili ndi gawo limodzi, kotero pali mpata wakuti Klaus aonedwe akufufuza zolakwika za galamala m'kalata ya azakhali a Josephine mpaka kupeza dzina la phanga limene abisalamo. Chisankho chabwino koposa chinali kuika Snicket pamaso pathu: Patrick Warburton amayenda pakati pa zochitika ndi nkhope yosamwetulira n'kumalankhula ndi woonera, pomwe m'filimu Jude Law ankamveka mawu chabe n'kumaoneka ngati chithunzithunzi. Neil Patrick Harris nayenso amaseketsa ndi kuimba, koma nkhanza za Olaf wake zimaonekera bwinoko, ndipo Violet amasaina ndi dzanja lamanzere monga m'buku.

Komabe seweroli lili ndi mantha osiya woonera mumdima. Limaulula za V.F.D. kuyambira magawo oyamba, limawonjezera anthu ngati Jacquelyn amene amayang'anira anawo mobisa, ndipo kumapeto limanena chimene chinali m'kambale ka shuga. Wowerenga mabuku amamva kuti anawo ali okhaokha m'dziko, pomwe woonera Netflix amadziwa kuti kwinakwake kuli akuluakulu amene akuyesetsa kuwathandiza, ndipo chitonthozo chimenechi chimachepetsa kulemera kwa umasiye wawo.

Kwa mwana amene Chingerezi chikumuvutabe, ndingayambe ndi magawo awiri oyamba a Netflix kuti adziwe nkhope ndi mayina, kenako n'kumupatsa buku loyamba, chifukwa chizolowezi cha Snicket chomasulira mawu chimakulitsa Chingerezi cha wowerenga popanda kumutumiza ku dikishonale. Magawo 25 amadya bandulo yambiri, pomwe buku limodzi likhoza kuzungulira ana a nyumba yonse ndi a kwa aneba. Kwa wamkulu amene akubwerera, mabuku ndiwo ndingasankhe, makamaka kuyambira la 7 kupita m'tsogolo, ndipo amene alibe nthawi yokhala pansi angamvetsere ojambulidwa mawu, amene ambiri anawerenga ndi Tim Curry, pomwe lachitatu mpaka lachisanu anawerenga ndi Handler mwini. Filimu ya 2004 ndingaisungire madzulo amodzi, kwa munthu amene anawerenga kale buku loyamba ndipo akudziwa amene anapulumutsa Violet.