Ulendo wa ku Majete pa Tsiku la Anakubala: a kampani anatichita chipongwe, dalaivala wawo ndiye anatipukuta misozi

Anzanga a mu Blantyre amene mukuona chithunzi cha mkango woyasamula chija pa Facebook, dziwiranitu chimene mukulipira. Ndikunena kampani ya maulendo ija imalengeza K70,000 pa munthu n'kumati zonse zili momwemo: mayendedwe, za pageti, nkhomaliro ndi kuzungulira m'nkhalango pa galimoto yotsegula. Ine ndinalipirira mayi anga, mwana wanga ndi ine ndemwe, kuti ikhale mphatso ya pa 15 Okutobala.

Anatiuza kuti tinyamuka 5 koloko m'mawa. Tinafika kukadali mdima, mayi atavala chitenje chawo chatsopano. Minibasi inatulukira 8 koloko itadutsa kale, mwini kampaniyo mulibe, wangolemba pa gulu la WhatsApp kuti tikamupeza kutsogolo. Amene munatsikako mtsetse wa ku Chikwawa mwezi umenewu mukudziwa kuti kuchedwa kotere si nkhani yaing'ono. Ukangodutsa pa Thabwa n'kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, mphepo yolowa pawindo imayamba kuotcha nkhope. Nyama nazo zimayenda m'mamawa ndi madzulo, dzuwa likakwera zimakagona pamthunzi. Maola amene anatidyera pasiteji aja ndi omwewo amene tinalipirira.

Koma chimene chandichititsa kulemba ndi zimene zinachitika pageti. Titatsika, ogwira ntchito pamenepo anayang'ana m'mabuku mwawo n'kutiuza mwaulemu kuti dzina la gulu lathu mulibe, ndipo palibe amene analipira kalikonse. Iwo analibe mlandu, anachita kutipatsa pokhala. Dalaivala anaimbira bwana wake, foni yozima. Tinadikira thukuta lili kamukamu, khanda la mayi wina likulira, madzi ozizira amene anatilonjeza aja ali mabotolo ofunda pansi pa mpando. Foni itayaka, dalaivala anaikweza mawu kuti tonse timve. Munthu uja, osachita ngakhale manyazi, amvekere: "Pepani makasitomala, ndi netiweki. Ingolipirani kaye, ndikubwezerani Lolemba." Ndinatenga foniyo ine. Ndinati, "Achimwene, ndalama tinakupatsani sabata yatha, mwapita nazo kuti? Muli kuti inuyo?" Anadula. Kuimbanso, yazimanso.

Pamenepo gulu linagawanika. Bambo wina wachikulire anati tibwerere, tikamusake ku Limbe komwe amati kuli ofesi yake. Ena anati tafika kale, mafuta apita. Ine ndinatembenuka kuona mayi anga atakhala phee, avula nsapato chifukwa mapazi anali atatupa, akudzipepesera mphepo ndi kansalu ka kumutu. Anandikodola n'kunena chapansipansi kuti, "Mwanawe, usavutike nazo. Tiye kwathu, Shire ndamuona, basi zakwana." Mawu amenewa anandilasa kuposa ndalamazo. Mayi amenewa akalambira ku Chilomoni, m'munsi mwa phiri la Michiru. Nyama zimene amazidziwa ndi apusi odzaba chimanga kumunda, ndi afisi amene ankawamva usiku kalelo mitengo ikadalipo yambiri. Njovu ankangoiona pa kandalama ka 20 tambala kaja. Sabata yonse anali akuuza anzawo a kumpingo kuti mwana wawo akukawaonetsa njovu, ndiye abwerere atangoona geti chifukwa cha munthu wakuba m'maso muli gwa? Mpaka lero ndikakumbuka nkhope yawo pamene paja mtima umandiwawa, ndipo munthu ameneyu sindinamukhululukire.

Tinalipiranso kachiwiri, aliyense payekha, ena atachita kuimbira abale kuti awatumizire pa Mpamba ndi Airtel Money. Za galimoto yotsegula zija zinathera pomwepo, poti panalibe amene anasungitsa malo. Amayi awiri ndalama zinawaperewera. Apa ndi pamene dalaivala, mnyamata wa konko ku Chikwawa, anapisa m'thumba mwake n'kuwaonjezera, akuti sangalowe n'kusiya anthu panja. Ine ndinali nditamulalatira kale m'mawa ngati kuti iye ndiye kampaniyo, koma sanasunge mangawa.

Tsono chilungamo ndinene, kuyambira pamenepa tsiku linasintha. Tinatenga wotiperekeza wa ku Majete komweko n'kulowa ndi minibasi yathu. Dalaivala anatsitsa chikwama chake pampando wakutsogolo n'kuti, "Agogo, bwerani kuno muzionera bwino." Ankayendetsa pang'onopang'ono, akaona kanthu amaima osadikira kuuzidwa. Tinaona nswala zitaunjikana pansi pa mitengo, njiri zikuthawa michira ili m'mwamba, mbidzi chapatali, mvuu zikungotulutsa makutu ndi mphuno m'madzi a Shire, ndi ng'ona itagona pamchenga kukamwa kuli yasa. Mkango sitinauone, ndipo sindikudabwa, masana otentha ngati amene aja.

Wotiperekezayo amaidziwa ntchito yake. Anatifotokozera kuti pofika zaka za m'ma 1990 opha nyama mozembera anali atamaliza njovu zonse m'nkhalangoyi, chipembere chitatha kalekale, mitengo ikupita ku makala. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa malowa. Anamanga mpanda kuzungulira, n'kuyamba kubweretsa nyama: zipembere chaka chomwecho, njovu kuyambira 2006, mikango mu 2012, akadyamsonga mu 2018, kenako mimbulu mu 2021. Njovuzo zinaswana mpaka zina anakazipereka kwina, paja mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete, zambiri kupita ku Nkhotakota. Mwana wanga ankalemba zonsezi pafoni kuti akauze aphunzitsi ake. Ine zinandikhudza kuti zinthu zoterezi zili pamtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera kunyumba kwanga, koma ambirife Tsiku la Anakubala timangodziwa kuthamangira kunyanja.

Cha m'ma 3 koloko, tili pafupi ndi mtsinje, wotiperekeza uja anakweza dzanja n'kuti, "Zimitsani injini, pasapezeke wolankhula." Tinayamba kumva nthambi ikuthyoka, khoo, tisanaone kanthu. Kenako inatulukira pakati pa mitengo njovu yaikazi, msana uli ndi matope ouma ong'ambikang'ambika, makutu ikukupiza mosafulumira, kamwana kakuyenda chokhudza miyendo yake. Chimene chinandidabwitsa n'choti chinyama chonsecho mapazi ake samveka. Inaima pakati pamsewu, n'kukweza chitamba kuloza kwa ife, kutinunkhiza. Tinkatha kuona nsidze zake ndi ntchentche zoizungulira m'maso. Pambuyo pake panabwera zina, zikuoloka imodziimodzi kutsikira kumadzi, kamwana kaja kakupunthwa pa chitamba chake chomwe. Mayi anga anatembenuka kundigwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo kundilowa. Anangoti, "Kani ndi yaikulu chonchi?" Kenako misozi. Dalaivala anadikira mpaka yomaliza italowa m'tchire, osayang'ana wotchi, chonsecho ankadziwa kuti mtsetse uja akaukwera kutada.

Pa mathithi a Kapichira tinangoimapo pang'ono, kuona madzi akusefukira m'miyala ndi damu la magetsi lija linaonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, nthawi imene tonse tinazolowera makandulo. Nkhomaliro inali mpunga wozizira ndi kachidutswa ka nkhuku m'kabokosi, sindinenapo zambiri.

Ndiye pitani ku Majete, ndikukulimbikitsani ndi mtima wonse, tengani makolo anu akadali ndi mphamvu zokwera galimoto. Koma kampani iyi musaipatse ndalama zonse isanakuonetseni lisiti losonyeza kuti yalipiradi kunkhalangoko. Mukhozanso kusonkherana apabanja, kubwereka galimoto yokwera bwino, kunyamuka kusanache ndi madzi anuanu ambiri, n'kukalipira nokha pageti. Ndikanatha kupereka nyenyezi kwa munthu payekha, dalaivala uja ndikanamupatsa zonse zisanu, ndipo ndikukhulupirira kuti tsiku lina adzapeza bwana woyenera khama lake. Kampaniyo ndaipatsa ziwiri, zonse chifukwa cha iyeyo.

Lolemba lija linadutsa, ndalama za pageti sizinabwere, ngakhale za dalaivala zimene anathandizira amayi awiri aja akuti sanabwezeredwe. Nditafunsa pagulu, mwini kampani anandichotsamo. Mauthenga ake onse ndi malisiti a Mpamba ndasunga, ndipo ife amene tinali m'minibasi imene ija tagwirizana kuti mwezi uno ukatha asanatibwezere, tikatula nkhaniyi ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula.