Ndemanga: trailer ya ma axle awiri yonyamulira makina okumba

Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ndine kontrakitala wamng'ono, ndimakumba maziko a nyumba ndi ngalande mu Lilongwe ndi maboma oyandikira. Trailer imeneyi ndinaigula kwa munthu amene anaitanitsa kunja itagwirako kale ntchito, ndipo yaona nane dzinja ndi chilimwe chomwe.

Inu amene mukufuna kugula yanu, penti isakutengeni mtima. Yambani mwawerenga kachitsulo ka manambala kamene amakhomera kutsogolo, pafupi ndi pokolekera. Pa yangayi analemba makilogalamu 2,700, koma nambala imeneyo ndi ya trailer pamodzi ndi katundu wake. Yokhayokha, popanda kanthu, imalemera pafupifupi 600, ndiye katundu amene ingasenze sapitirira 2,100. Makina anga okumba ndi Kubota U17, olemera pafupifupi 1,700. Mukaikapo mabaketi ena okumbira, chigubu cha dizilo, matcheni ndi matope amene amamatirira kunsi kwa makinawo, mpata wotsala ndi wochepa zedi. Ogulitsa ena amangotchula nambala yaikuluyo ngati kuti wonsewo ndi katundu, ndipo ndaonapo anzanga akugula kenako n'kupeza kuti makina awo akuilemera.

Chimene ndimaikondera kwambiri ndi mabuleki. Ili ndi ake, ogwira okha: galimoto ikachepetsa liwiro, trailer imakankha pokolekera paja, ndipo kukankhako ndi kumene kumakoka mabuleki a mawilo onse anayi. Ndinatsika nayo ku Khwekhwerere, kuchokera ku Dedza kulowera ku Golomoti, makina ali pamwamba, Hilux ili pa giya yotsika. Aliyense wodziwa makona a msewu umenewo amva chimene ndikunena. Sinandikankhe, sinagwedeze mchira. Ngolo zowotcherera m'tauni muno n'zotsika mtengo, inde, ndipo potuta mchenga kapena njerwa zilibe vuto, koma matani awiri opanda mabuleki pamtsetse ngati umenewo, ine ayi. Palinso kawaya kamene mumakoleka ku galimoto kuti trailer ikaphonyoka mabuleki agwire okha. Musamakasiye kakulendewera.

Kukweza makina n'kosavuta chifukwa ndi yaifupi, ndipo chitseko chakumbuyo ndicho chimasanduka pokwerera. Kutsogolo kuli pogoneka baketi. Pomangira matcheni ndi pambiri, mbali zonse. Bomagi (makina otsindira dothi) ndi mikisa ya simenti zimakwera popanda phokoso. Chofunika ndi kuimika makina pamwamba pa ma axle (zitsulo zimene zimagwira mawilo), kulemera kupendekere kutsogolo pang'ono. Kukapendekera kumbuyo imayamba kuvina mukangothamanga.

Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa cha kufupika komweko. Anaipangira misewu ya tara. Mukalowa nayo m'misewu yafumbi yopita kumapoloti atsopano, mvula itakumba, kumbuyo kumakhula pansi ndipo magetsi ake amaphwanyika msanga. Ndinachita kuwotcherera tizitsulo towatchinga. Matayala akenso ndi aang'ono, a mainchesi 12, onyamula katundu wolemera, ndipo kuwapeza kuno ndi chintchito. Ku Malangalanga mudzazungulira mpaka thukuta, akukuonetsani a galimoto zing'onozing'ono amene sangapirire kulemera kotere. Sipeya imodzi ndi yosakwanira, khalani ndi ziwiri. Pulagi ya magetsi inabwera ya mapini 13 pamene galimoto yanga ili ndi ya 7, koma zimenezo wamagetsi anakonza tsiku lomwelo.

Za mapepala, laisensi ya B imakulolani kukoka trailer yosapitirira makilogalamu 750 basi. Yolemera ngati iyi imafuna EB, ndipo nayo iyenera kulembetsedwa ku Road Traffic n'kukhala ndi nambala yakeyake. Onaninso m'buku la galimoto yanu kuti imaloledwa kukoka zolemera bwanji, poti ma pickup si ofanana, ngakhale a mtundu umodzi amasiyana malinga ndi chaka ndi injini.

Kwa amene makina ake sapitirira kulemera kwa angawa, iyi ndi yokwana, ndipo ndalama zimene ndinkalipira lole pa ulendo uliwonse tsopano zimatsala m'thumba. Ngati mukulingalira zodzagula makina okulirapo, ingopitani pa ya makilogalamu 3,500, bola galimoto yanu ikhale yoti ingaikoke.