Crown Victoria yapolisi patatha chaka: zomwe zagwira ndi zomwe zabwereranso

Galimoto imene tikunena ndi Ford Crown Victoria Police Interceptor ya 2008, imene ku America amangoitchula kuti P71 potengera zilembo za pa VIN, nambala ya kufakitale yozindikiritsa galimoto. Inagulidwa pa okushoni ya galimoto zaboma itavulidwa kale zida zonse zapolisi, kenaka inakonzedwa, ndipo yakhala ikuyenda tsiku ndi tsiku kupitirira chaka. Chimene chaonekera poyera m'miyezi imeneyi n'chakuti injini ya V8 ya malita 4.6 si imene imasowetsa mtendere. Zosowetsa mtendere ndi mabowo, mawaya odulidwa, ndi maola amene injini inkalira galimoto itangoima.

Tiyambe ndi maolawo. Kuyambira 2006, P71 ili ndi mita yowerenga maola amene injini yalira chiimire, ndipo imaoneka mukadina kabatani ka odomita. Ford imati ola limodzi lotere n'chimodzimodzi kuyenda mamailosi 33. Ndiye galimoto yoonetsa mamailosi 110,000 koma ili ndi maola 4,000, injini yake yagwira ntchito ya mamailosi 242,000. Zotsatira zake sizimveka tsiku logula. Zimadza pang'onopang'ono: alitaneta, fani ya rediyeta, kompuresa ya AC, ndi kaphokoso ka tcheni cha timing polizitsa m'mawa. Oilo wa 5W-20, malita 5.7, ndi fyuluta ya Motorcraft FL-820S pa mamailosi 5,000 aliwonse zasunga injiniyi yaukhondo, ndipo sinayambe kumwa oilo.

Pa mabowo m'pamene ntchito yachidule yadziulula. Mabowo a padenga, a ma eriyo ndi a nyali zapolisi, tinawotcherera, ndipo mpaka lero ndi ouma. Awiri a pachitseko cha buti anangotsekedwa ndi tizotsekera ta labala ndi silikoni. Dzuwa linaumitsa labalayo, silikoni n'kumatuka, madzi n'kuyamba kudikha pansi pa buti. Zikanakhala padenga bwenzi zitaipa kwambiri, chifukwa madzi amatsika ndi mzati wa chitseko n'kulowa kunsi kwa mphasa ya labala ya pansi. Labala salola chinyontho kuuma, choncho chitsulo chimadyeka ndi dzimbiri mwini wake akuona ngati zonse zili bwino.

Kuwotcherera denga kumafuna kudekha. Tsitsani nsalu ya kudenga yonse, isangopindidwa. Bowo la eriyo limakhala la mamilimita 19; dulani kachigamba kachitsulo kokhuthala mofanana ndi dengalo, kalowe m'bowo ndendende, ndipo kunsi mutsamiritse chidutswa cha kopa kuti chizimwa kutentha. Wotchererani ndi makina a MIG (owotcherera ndi waya) kadontho kamodzi, dikirani pazizire, kenaka kadontho kena mbali inayo. Mukathamanga, denga limapindika ndipo filler (phala lodzazira malo ophwanyika) sangabise. Mukapala, pakani epoxy primer (penti yoyamba yoteteza ku dzimbiri) pamwamba ndi kunsi komwe. Kunsiko n'kumene anthu ambiri amaiwala, ndipo dzimbiri limayambira komweko. Amene alibe makina owotcherera angabwezeretse phazi la eriyo la mtundu wa NMO n'kulivundikira ndi kapu yake. Lili ndi O-ring (kamphete ka labala) ndipo limagwira madzi kuposa silikoni. Musaiwale mabowo a pansi, a mabawuti a chotchinga cha akaidi ndi a bokosi la wailesi.

Mawaya ndi nkhani ina. Ochotsa zida zapolisi nthawi zambiri amangodula n'kukankhira kunsi kwa dashibodi, ndipo ena mwa mawayawo amakhala akadali ndi moto wochokera ku batire popanda fyuzi. Batire ikamatha galimoto itagona masiku ochepa, musathamangire kugula ina. Zimitsani zonse, chotsani waya wa negativi, lumikizani multimeter (mita yoyezera magetsi), mutaitchera pa 10A, pakati pa wayayo ndi batire, ndipo dikirani mphindi 40 kuti makompyuta a galimoto agone. Ikamawerenga kupitirira 50 mA, zulani mafyuzi limodzilimodzi mpaka nambala itatsika. Waya aliyense wosadziwika mumulondole mpaka kumene wachokera n'kumuchotsa yense. Malo amene tinalumikiza ndi soda n'kuveka heat shrink (kachubu kofota kakatenthedwa) sanavutepo. Timakilipi toluma waya tomwe tinatsala kumbuyo tinachita dzimbiri, nyali ya buleki n'kumayaka mwa apo ndi apo. Hutala ikakhala chete kapena nyali zazikulu zikakana, onani kaye pamene panalumikizidwa sayirini ndi kachipangizo kophethiritsa nyali. Kawirikawiri waya anangosiyidwa wosabwezeretsa.

Vuto la injini lomwe linabwera ndi lodziwika pa galimoto zimenezi. Intake manifold, chipangizo chogawa mpweya wolowa mu injini, ndi yapulasitiki, ndipo ikakalamba imadontha madzi pafupi ndi thermostat (valavu yowongolera kutentha kwa injini) kapena pa kapaipi ka hita kumbuyo. Madziwo amadikha m'mabowo a mapulagi n'kupha koyilo, injini n'kuyamba kunjenjemera pokwera mtunda, makina oyezera n'kuonetsa khodi ya pakati pa P0301 ndi P0308. Kusintha koyilo yokha n'kutaya ndalama, chifukwa yatsopanoyo ifanso. Sinthani manifold ndi magasiketi ake, thermostat, mapulagi onse 8 ndi malabala a makoyilo nthawi imodzi. Uzirani mphepo m'mabowo musanamasule pulagi, injini ikhale yozizira, mpata wa pulagi ukhale mamilimita 1.3 mpaka 1.4, ndipo mangani ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), pakuti mutu wa injini ndi wa aluminiyamu. Chichitireni zimenezi, madzi sanatsikenso.

Giyabokosi inkanjenjemera pang'ono pa liwiro la mamailosi 40 pa ola, ngati tayala laponda timizere ta pamsewu. Oilo watsopano ndi fyuluta zinathetsa, ndipo sizinabwerere. Mtundu wa oilo walembedwa pa dipisitiki, musasakanize. Mu difu mumalowa oilo wa 75W-140, ndipo ngati difuyo ndi ya mtundu wa Trac-Lok onjezerani mamililita 118 a mankhwala osakaniza mu oilo otchedwa friction modifier, apo ayi imagogoda pokhota. Ku chiwongolero, yang'anani shafuti ya m'munsi: mu 2013 Ford inaitanitsa galimoto za 2005 mpaka 2011 za m'madera othira mchere pamsewu kuti zikakonzedwe chifukwa cha dzimbiri pamenepo, ndipo VIN mungaifufuze kwa NHTSA, bungwe la boma la America loona za chitetezo cha pamsewu.

Zitseko zakumbuyo sizinavute. Timitengo tachitsulo ta zogwirira zamkati timachotsedwa dala kuti womangidwa asatsegule, ndipo tikabwezeretsedwa zimatseguka bwinobwino.

Penti ndiyo yatikhumudwitsa. Zomata zikachotsedwa ndi chouzira mpweya wotentha (heat gun) ndi gudumu la labala, pamatsala chithunzithunzi cha zilembo, chifukwa penti yobisika sinapse ndi dzuwa. Polishi amabisa kwa miyezi ingapo, kenaka mawu aja amayambanso kuwerengeka dzuwa likapendeka. Ichi si chongonyansa m'maso chabe. Malamulo amasiyana boma ndi boma ku America, koma kudzionetsa ngati wapolisi ndi mlandu kulikonse, ndipo nyali zofiira ndi zabuluu, sayirini ndi mawu akuti POLICE n'zoletsedwa pamsewu m'madera ambiri. Zitseko zimafunika kupalidwa n'kupentedwa, basi. Nyali younikira ya pamzati wa galasi lakutsogolo ndi bampala yokankhira, funsani malamulo a boma lanu musanazisiye.

Pamsewu waukulu imayenda mokhazikika pa matayala ake a 235/55R17, ngakhale masipuling'i apolisi ndi olimba ndipo okhala kumbuyo amamva bampu iliyonse. Petulo imamwa ndithu: pafupifupi makilomita 6 pa lita m'tauni ndi 9 paulendo wautali, thanki ya malita 72. Zipangizo sizisowa ngakhale fakitale ya St. Thomas ku Ontario inasiya kupanga galimotozi mu 2011, ndipo zambiri za Mercury Grand Marquis ya zaka zomwezo zimalowa.

Ntchito yotsala ndi ya tcheni cha timing. Kaphokoso kam'mawa kaja kayamba kutalika, kusonyeza kuti ma tensioner (zokunga tcheni) ndi ma guide apulasitiki (moyenda tcheni) adyeka. Potsegula kutsogolo kwa injini tidzasintha matcheni onse awiri, ma tensioner, ma guide, silo ya crankshaft ndi pampu ya madzi, ndiponso tidzatsitsa sampu kuti tichotse tizidutswa ta pulasitiki sefa ya pampu ya oilo isanatsekeke nato.