Zida zosandutsira njinga ya magiya ambiri kukhala ya giya imodzi: zimene ndapeza patatha miyezi 8

Kwa miyezi 8 tsopano ndakhala ndikupalasa njinga imene ndinaichotsa magiya onse n'kusiya imodzi yokha, pogwiritsa ntchito paketi ya zida imene amagulitsa kwa anthu okonda kukonza ndi kusintha njinga zawo okha. Mapaketi amtunduwu ndi ochuluka pa intaneti, ambiri alibe dzina la kampani yodziwika, ndipo zamkati mwake sizisiyana kwenikweni. Mwa yanga munali mphete zingapo za aluminiyamu zosiyana kukhuthala, magiya akumbuyo awiri, ina ya mano 16 ndi ina ya mano 18, mphete yomangira yokhala ndi mazinga, ndiponso kachipangizo ka sipuling'i kokungira tcheni. Pa bokosi panalembedwa kuti zidazi ndi zopangira njinga ya single speed (ya giya imodzi) komanso fixie (ya giya yomangika ku gudumu, imene mapedulo ake saima gudumu likamazungulira), ndipo mawu achiwiriwa ndi amene ndikutsutsana nawo kwambiri m'ndemanga ino.

Njinga imene ndinayesera ndi yamumsewu yakale ya fulemu yachitsulo, ya magiya 8 kumbuyo ndi awiri kutsogolo, ndipo mpata wa pakati pa miyendo yake yakumbuyo ndi mamilimita 130. Habu yake, chitsulo cha pakati pa gudumu lakumbuyo, ndi ya mtundu wa freehub, umene magiya amalowetsedwapo osati kupotokoledwa, wokhala ndi mizere yofanana ndi ya Shimano HG, umene uli ndi mzere umodzi wotakata kuposa inayo kuti kaseti, mulu wa magiya akumbuyo, izilowa mbali imodzi yokha. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuiona munthu asanagule, chifukwa zidazi zimangokwana pa habu yotere. Amene gudumu lake lakumbuyo lili ndi fuliwilo yakale yochita kupotokola pa mazinga sangapindule nazo; iye afunika fuliwilo ya giya imodzi, ndipo kawirikawiri afunikanso kusuntha ekiselo ndi kukonzanso masipoko kuti gudumu likhale pakati.

Ntchito yochotsa kaseti ndi yaifupi ngati munthu ali ndi zida ziwiri zimene m'paketimo mulibe, chogwirira kaseti chokhala ndi kachidutswa ka tcheni ndiponso kiyi womasulira mphete yomangira. Chimene chinanditengera madzulo athunthu ndi kuika giya yakumbuyo pamalo oti iyang'anane bwinobwino ndi giya yakutsogolo. Pa njinga ya magiya ambiri tcheni chimaloledwa kupendekeka, chifukwa chosinthira magiya chimachigwira ndi kuchilondolera. Chosinthiracho chikangochoka, palibenso chochiteteza, ndipo kupendekeka kwa mamilimita ochepa chabe kumamveka ndi phokoso, kumadya mano a magiya, ndipo tsiku lina pokwera chitunda tcheni chimagwa. Apa m'pamene mphete za aluminiyamu zija zimaonetsa ubwino wake, ndipo ndinganene kuti ndizo chinthu chamtengo wapatali m'paketi yonse. Popeza zina n'zokhuthala ndipo zina n'zopyapyala, munthu amatha kusuntha giya pang'onopang'ono, kuchotsa mphete mkati n'kuibwezera kunja, mpaka mzere wa tcheni utawongoka.

Kapepala ka malangizo kanangoti tiyang'ane ndi maso ngati tcheni chawongoka, koma maso amanama. Ndinayeza ndi rula kuchokera pakati pa chitsulo cha fulemu chimene chimanyamula chishalo kufika pa mano a giya yakutsogolo, ndipo ndinapeza mamilimita 41, chifukwa ndinasiya giyayo pamalo a yamkati. Theka la 130 ndi 65, choncho mano a giya yakumbuyo anayenera kukhala mamilimita 24 kuchokera mkati mwa mwendo wa fulemu wakumanja. Nditatsatira masamu amenewa phokoso linatha tsiku lomwelo. Njinga zamipikisano ya m'bwalo la velodrome, zimene mpata wake wakumbuyo ndi mamilimita 120, zimakhala ndi mzere wa tcheni wa mamilimita 42 kapena pafupi pamenepo, ndipo chiwerengerochi chimalembedwa kawirikawiri ngati kuti ndi lamulo, koma pa njinga yosinthidwa chofunika n'chakuti kutsogolo ndi kumbuyo kugwirizane, kaya pa 41 kaya pa 46.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene opanga paketiyi anaiwala. Munthu akachotsa giya imodzi yakutsogolo pa ziwiri zija, mabawuti ogwira magiyawo amakhala aatali kwambiri moti sangamange giya yotsalayo. Pamafunika mabawuti aafupi kapena mawashala, ndipo zikanakhala bwino akanaikamo mabawuti asanu amenewa m'malo mwa giya yachiwiri yakumbuyo ija.

Magiya akumbuyo a m'paketiyi si abwino kwenikweni komanso si oipa. Ubwino wake ndi wakuti mano ake ndi aatali ndi owongoka, osati osongoka m'mbali ngati a pa kaseti, amene anapangidwa dala kuti tcheni chizidumpha mosavuta posintha giya. Anthu ena amangophwasula kaseti yakale n'kutengamo giya imodzi, kenako amadabwa tcheni chikamagwa, pamene mano amenewo akungochita ntchito imene anawapangira. Kuipa kwa magiya a m'paketiyi n'kwakuti tsinde lake n'lopyapyala, longodulidwa pa chitsulo chafulati, choncho mphamvu yonse ya mwendo imathera pa kamalo kakang'ono ka mizere ya freehub. Freehub yanga ndi yachitsulo, ndipo nditamasula patatha miyezi 6 ndinangopeza timabala tosadetsa nkhawa, koma pa freehub ya aluminiyamu giya yotereyi imakumba ndithu mpaka kukanirira pochotsa. Amene gudumu lake ndi labwino achita bwino kugula padera giya ya tsinde lotakata. Magiya onse awiri ndi a tcheni chopyapyala cha 3/32 ya inchi, choncho tcheni cha magiya 8 chimakwana, ndipo chokhuthala cha 1/8 chimayendanso ngakhale chimasewera pang'ono m'mbali. Izi sizichitika mosinthanitsa, chifukwa tcheni chopyapyala sichilowa pa mano a 1/8.

Posankha pakati pa 16 ndi 18 ndinayamba ndi 16, kutsogolo kuli mano 42. Gudumu la 700c, saizi yofala pa njinga zamumsewu, lokhala ndi tayala la mamilimita 25 limayenda pafupifupi mamita 2.1 likazungulira kamodzi, choncho 42 ndi 16 zimapereka mamita 5.5 pa kuzungulira kumodzi kwa mapedulo, pamene 42 ndi 18 zimapereka mamita 4.9. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa papepala, koma mawondo amakuzindikira pa chitunda choyamba. Malemu Sheldon Brown, makaniko wa ku Harris Cyclery ku Massachusetts amene anamwalira mu 2008, anasiya zolemba zambiri za nkhani zimenezi pamodzi ndi chowerengera magiya pa intaneti, ndipo n'zothandiza kuposa kapepala ka m'bokosi. Ine ndinakhazikika pa 16 chifukwa njira zimene ndimayenda n'zachidikha, ndipo 18 ndimaisunga.

Chokungira tcheni ndicho chinandikhumudwitsa, ndipo n'zachisoni chifukwa pa fulemu ngati yanga n'chosapeweka. Mafulemu akale kwambiri ndi a njinga zamipikisano ya m'bwalo amakhala ndi timipata topingasa tolowetsamo ekiselo, moti gudumu limasunthidwa kutsogolo kapena kumbuyo mpaka tcheni chitakungika. Fulemu yanga ili ndi timipata toimirira, gudumu limakhala malo amodzi, ndipo tcheni chimatalikitsidwa kapena kufupikitsidwa ndi mfundo ziwiri nthawi imodzi, kutanthauza inchi yathunthu, pokhapokha munthu atagwiritsa ntchito mfundo yatheka. Chokungiracho chimamangidwa pomwe panali chosinthira magiya, ndipo kagudumu kake kamakankhira tcheni pansi. Kukankhira pansi kumachotsa tcheni pa mano ena a giya, choncho mano amene akugwira amachepa, ndipo ndikaimirira pa mapedulo tcheni chinkalumpha dzino ndi kaphokoso koopsa. Zokungira zabwino, monga Singleator ya kampani ya Surly, zimatha kuikidwa kuti zizikankhira m'mwamba, zimene zimakulunga tcheni pa mano ambiri. Changachi chilibe mwayi umenewo. Ndinachepetsa vutolo pofupikitsa tcheni mpaka pamapeto ndi kuikapo mfundo yatheka, kuti chokungiracho chizingotola kulendewera kochepa kotsala. Ngakhale zinatero, pofika mwezi wachisanu sipuling'i inali itafooka ndipo kagudumu kake, kamene kamazungulira pa kachitsulo wamba kopanda mabeyaling'i, kanayamba kulira ngakhale nditakathira oilo.

Tsopano nkhani ya fixie. Njinga ya giya imodzi ya fuliwilo imalola wopalasa kupumitsa miyendo gudumu likuzungulirabe, pamene pa fixie giya imamangidwa ku habu, ndipo gudumu likamazungulira mapedulo nawonso amazungulira. Zida za m'paketiyi sizingapange njinga yotereyo m'njira iliyonse, chifukwa timano tamkati mwa freehub timene timalola gudumu kuthamanga lokha timakhalabe momwemo, kaya pamwamba pake paikidwa magiya 8 kaya imodzi. Choopsa kwambiri n'chakuti munthu amene wawerenga mawu a pa bokosiwo angagule gudumu la fixie n'kuganiza kuti chokungira tcheni chija chimuthandiza pa fulemu ya timipata toimirira. Pa fixie wopalasa amachepetsa liwiro pokaniza mapedulo, ndipo akatero mbali yapansi ya tcheni ndi imene imakokedwa mwamphamvu, pomwe pali chokungiracho. Sipuling'i singapirire mphamvu imeneyo. Imapindika kapena kuthyoka, tcheni chimagwa, ndipo chikakodwa gudumu limaima mwadzidzidzi. Kulemba mawu oti fixie pa bokosi lokhala ndi chipangizo chimenechi ndi kusasamala kumene kungavulaze munthu.

Fixie yeniyeni imafuna habu ya mazinga awiri. Giya imapotokoledwa pa mazinga aakulu olowera kumanja, a mainchi 1.37 ndi mizere 24 pa inchi, ndipo pamwamba pake pamabwera mphete yomangira pa mazinga aang'ono olowera kumanzere, kuti giya ikafuna kumasuka pokaniza mapedulo izingolimbitsa mpheteyo. Mahabu ambiri otere amakhala ndi mazinga mbali zonse ziwiri, giya yomangika uku ndi fuliwilo uko, ndipo wopalasa amangotembenuza gudumu. Luso limeneli si latsopano, pakuti okwera njinga mu Tour de France ankatsika n'kutembenuza gudumu m'munsi mwa phiri kuti apeze giya yopepuka, mpaka 1937 pamene zosinthira magiya zinaloledwa mu mpikisanowo. Pa fulemu ya timipata toimirira njira yodalirika ndi habu ya ekiselo yosakhala pakati, monga ENO ya White Industries, imene imakunga tcheni poizunguza, kapena kufunafuna magiya awiri amene mwamwayi amakunga tcheni popanda chothandizira, ngakhale kuti mwayi wotero umatha tcheni chikayamba kutalika. Ndiponso amene akufuna kumaima pokhwekhwereza tayala ayenera kuwerengera mano: 48 ndi 16 zimadya tayala pamalo amodzi okha chifukwa 16 amalowa mu 48 katatu ndendende, pamene 48 ndi 17 zimagawa kudyekako pa malo 17.

Chenjezo lina limene silinalembedwe paliponse m'paketimo ndi la mabuleki. Zithunzi za njinga zopanda mabuleki zimakopa anthu, koma njinga yosinthidwa ndi zidazi ndi ya fuliwilo, miyendo singaiimitse, choncho mabuleki onse awiri ayenera kukhalapo. Ngakhale pa fixie buleki yakutsogolo ndi imene imaimitsa njinga msanga, popeza poima kulemera konse kumapita kutsogolo.

Kupatula zimenezi, njingayo yasanduka yopepuka ndi yachete, yopanda mawaya a magiya ofunika kuwongola, ndipo kuitsuka n'kwa mphindi zochepa. Munthu amene ali ndi njinga yakale ya freehub imene chosinthira magiya chake chatha, ndipo akufuna kulawa giya imodzi asanagule gudumu latsopano, paketiyi imuchitira ntchito, makamaka ngati fulemu yake ili ndi timipata topingasa moti chokungira chija angochisiya m'bokosi. Amene fulemu yake ili ngati yanga awerengeretu kuti adzagula chokungira china. Pa zonse zimene zinali m'bokosi, zimene zidakali pa njinga yanga lero ndi mphete za aluminiyamu ndi mphete yomangira; giya ndinaisintha ndi ya tsinde lotakata, ndipo chokungira ndinaikapo chokankhira m'mwamba, chimene chachititsa kuti tcheni chisalumphenso.