Khadi la scuba kapena sayansi ya m'nyanja, mtsikana ayambire pati?

Mwana wamkazi akangonena kuti akufuna za m'nyanja, makolo ambiri timathamangira kosi ya scuba, kuja kolowa pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya kumsana, ndipo sikulakwa ayi, koma mapulogalamuwa ndi osiyana kwambiri moti zomwe mtsikana amabwera nazo kunyumba sizifanana n'komwe.

Kosi wamba ya PADI kapena SSI, mabungwe ophunzitsa scuba n'kupereka khadi, ndi ya masiku ochepa. Ku PADI mwana amayamba ali ndi zaka 10 koma sapitirira mamita 12, wa zaka 12 mpaka 14 amafika mamita 18 bola ali ndi wamkulu wa setifiketi, akakwanitsa 15 ndiye khadi la akuluakulu lotchedwa Open Water. Amamuyesa kusambira mamita 200 osaima ndi kuyandama maminitsi 10, kenako maphunziro 5 m'madzi osaya ndi maulendo 4 m'nyanja yeniyeni. Zomwe amaphunzira apa ndi za moyo: osagwira mpweya pokwera chifukwa pa mamita 10 kupanikiza kumakhala kawiri kwa pamtunda ndiye mpweya wa m'mapapo umafufuma ukamakwera, kutsina mphuno n'kupemerera pang'ono kuti makutu atseguke, kuchotsa madzi m'masiki ali pansi pompo mtima uli m'malo. Zofunika zedi zimenezi. Koma sayansi mulibemo, khadi alandira, nsomba waziona, koma mumufunse kuti korali uja wayereranji akuyang'anani basi.

Mtundu wina ndi uja amaphatikiza scuba ndi kafukufuku, ndipo mtima wanga uli kumeneku. Black Girls Dive Foundation ya ku Maryland ku America, yomwe anayambitsa Dr Nevada Winrow mu 2017, imatenga atsikana kwa nthawi yaitali, amaphunzira kusambira, scuba, sayansi mpaka kumanga timaloboti toyenda pansi pa madzi. Ena amagwiritsa ntchito njira ya Reef Check, bungwe lofufuza za umoyo wa makorali: amayala tepi ya mamita 100 pamwamba pa makorali, n'kusankhamo zigawo 4 za mamita 20, mtsikana akuyenda pang'onopang'ono ndi sileti ya pulasitiki ndi pensulo m'manja, akuwerenga nsomba zomwe amuuza monga parrotfish ndi grouper, mnzake akulemba chomwe chili pansi pa tepi pa theka la mita lililonse, kaya korali wamoyo, kaya mchenga, kaya ndere. Kuti achite zimenezi ayenera kuima phee pakati pa madzi osamenya korali ndi mafini, ndiye mwaona kuti scuba yake imakhwima chifukwa pali ntchito yoti agwire. Vuto lake malo ndi ochepa, ambiri amafuna khadi kale, ndipo ena ngati Youth Diving With a Purpose omwe amayeza zombo zomira ku Florida amatenga anyamata ndi atsikana pamodzi.

Alipo ena opanda silinda, omwe anthu amawaderera koma ine ayi. Girls on Water ya Inspiring Girls Expeditions yakhala ikutenga atsikana a kusekondale pa timabwato ta kayak ku Kachemak Bay ku Alaska, ulere, iwo eni amapanga funso lawo la kafukufuku n'kukafotokoza zomwe apeza. Palinso tchati cha CoralWatch cha ku University of Queensland chomwe chinayamba mu 2002, umangochiyandikiza pa korali n'kufananiza mtundu, ndi masiki ndi snorkel, kapaipi kopumira uli pamwamba pa madzi, basi. Mwana wa asima kapena wa makutu ovuta yemwe adokotala sanamulole scuba apa ndiye pake.

Nanga za atsikana okhaokha, n'zofunika? Ine ndikuti eya. Mu 1970 Sylvia Earle anatsogolera gulu la asayansi aakazi okhaokha a Tektite II, anakhala masabata awiri m'kanyumba ka pansi pa nyanja ku Virgin Islands, chifukwa nthawi imeneyo sankawalola kukhala limodzi ndi amuna. Lero nkhani ndi tinthu tating'ono tomwe timabweza mwana m'mbuyo, wetisuti yosamukwana, jakete la silinda lalikulu lomwe likumukwera m'khosi, funso la kusamba lomwe sangafunse bambo, pomwe mlangizi wamkazi angomuuza kuti msambo suletsa kulowa m'madzi.

Ndiye anzanga musanalembetse funsani kuti deta amalemba ndani, mwanayo kapena alangizi, nanga imapita kuti, komanso mlangizi mmodzi amakhala ndi ana angati pansi pa madzi. Ngati mphamvu ilipo ya chimodzi chokha chaka chino, ine ndingasankhe komwe agwire sileti ngakhale ndi snorkel, khadi adzatenga chaka chamawa akudziwa kale chomwe akukafuna pansipo. Koma ngati kwatheka ndi kosi wamba, mumupezere gulu lowerenga makorali likangotha khadi, asakhale miyezi osalowa m'madzi, ndipo ngati abwerere pa ndege siyani maola 18 kuchokera pa ulendo womaliza wa pansi pa madzi.