Bokosi la mphatso la zovala ndi mafuta odzola: tione m'kati musanagule

Nyengo ya Khirisimasi ndi chaka chatsopano ikamayandikira, m'masitolo mumadzaza mabokosi a mphatso omangidwa ndi riboni. Pamwamba pamakhala pulasitiki yoonekera, m'kati muli chovala cha pochokera kubafa kapena masokosi, kabotolo ka sopo wamadzi, kabotolo ka loshoni, chinkhupule, mwina ndi kapafyumu kopopera thupi. Amakopa maso ndipo amapeputsa ntchito kwa munthu amene nthawi yamuthera. Koma mukatulutsa chimodzichimodzi n'kuchiona bwino, ambiri mwa mabokosiwa sapereka phindu lolingana ndi kukula kwake. Zinthu ziwiri kapena zitatu zosankha nokha zimamutumikira wolandira kwa miyezi, pomwe timabotolo ta m'bokosi timatha sabata isanathe.

Yambani ndi loshoni. Mabotolo a m'mabokosi otere nthawi zambiri amakhala a 50 ml kapena 100 ml. Munthu wamkulu akadzola thupi lonse kamodzi amatha magalamu pakati pa 20 ndi 30, choncho kabotolo ka 50 ml ndi ka masiku awiri basi. Tembenuzani botololo muwerenge mndandanda wa zomwe anapangira. Opanga amalemba motsatira kuchuluka kwake, chochuluka kwambiri poyamba. Aqua, kutanthauza madzi, kukhala koyambirira si vuto, loshoni aliyense ali choncho. Chofunika ndi zomwe zikutsatira. Mukaona glycerin, petrolatum kapena butyrospermum parkii butter, amene ndi mafuta a shea, pakati pa zinthu zisanu zoyambirira, loshoniyo agwira ntchito. Mukaona alcohol denat, amene ndi spiriti, ndi parfum, amene ndi zonunkhiritsa, zili kumtunda kwa mndandandawo, dziwani kuti chachikulu m'menemo ndi fungo, ndipo khungu lituwanso pakangopita maola ochepa.

Fungo ndi lomwe limaononga mphatso zambiri za pakhungu. Zonunkhiritsa monga parfum, limonene ndi linalool zili m'gulu la zinthu zomwe zimayabwitsa anthu ena, makamaka omwe ali ndi chikanga kapena khungu losachedwa kutupa. Ngati simulidziwa bwino khungu la munthuyo, gulani mafuta opanda fungo. Palibe amene angadandaule nawo.

Pa mafuta odzola, atatu odziwika bwino ndi okwanira kuyerekezera. Vaseline, amene Robert Chesebrough anamulembetsa ku America mu 1872, ndi petrolatum weniweni. Sathira madzi m'khungu, amangotseka kuti madzi omwe alimo asatuluke, ndipo pa ntchito imeneyi pali ochepa omuposa. N'chifukwa chake amayenera kudzoledwa khungu likadali lonyowa pang'ono, mphindi zochepa mutangochoka m'madzi. Kumudzola pakhungu louma kale kumangonyezimiritsa. Kuipa kwake n'kwakuti ndi wolemera, amathimbiritsa makolala a malaya, ndipo pa tsiku lotentha amasowetsa mtendere. Nivea Creme wa m'kachitini kabuluu, amene kampani ya Beiersdorf inayamba kupanga mu 1911, ali pakatikati: muli madzi, glycerin ndi mafuta, amalowa bwino m'manja ndi m'zigongono, koma ali ndi fungo, choncho si wa aliyense. CeraVe Moisturizing Cream alibe fungo, ali ndi mitundu itatu ya mafuta otchedwa ceramide omwe amathandiza kukonza khungu lakunja, ndipo samata. Kwa munthu amene simukumudziwa bwino, wachitatuyu kapena wina wofanana naye ndiye wosankha. Kwa amene ali ndi zikang'a kumapazi, funani kirimu wokhala ndi 25 peresenti ya urea, mankhwala ofewetsa khungu lolimba. Wa 10 peresenti ndi wa khungu louma la pathupi, ndipo pa chidendene cholimba amachedwa kuonetsa kusintha.

Onaninso kachizindikiro ka kachitini kotsegula komwe kalembedwa 6M, 12M kapena 24M. Imeneyo ndi miyezi yomwe mafutawo amakhala abwino akatsegulidwa. Chitini chachikulu kwambiri chokhala ndi 6M sichithandiza munthu amene amadzola kumaso kokha.

Sopo wamadzi wa m'mabokosiwa alibe choti n'kumunenera zambiri. Amachita thovu, amanunkhira, n'kutha. Khungu la munthu lili ndi pH, muyeso wa asidi, ya pafupifupi 5, pomwe sopo wamba wamtanda ali pa 9 kapena 10, ndipo kusiyana kumeneku n'komwe kumachititsa khungu kukokana mukasamba. Sopo wofatsa ngati Dove Beauty Bar ali pafupi ndi 7. Ameneyo ndi wabwino kuikamo, koma payekha si mphatso.

Tsopano chovala cha kubafa, chomwe nthawi zambiri ndicho chimakweza mtengo wa bokosi lonse. Apa ndi pomwe ogula ambiri amapusitsidwa ndi kufewa. Chovala chaubweyaubweya cha polyester chimamveka bwino m'manja, chimafunda, koma sichimwa madzi. Munthu akachivala atangosamba, madzi amatsalira pathupi ndipo amayamba kutuluka thukuta. Ngati cholinga ndi chofunda m'mawa wozizira, polyester alibe vuto. Ngati ndi cha pochokera kubafa, pamafunika thonje. Cha thonje cha timalupu ngati thaulo chimamwa madzi kwambiri koma chimalemera ndipo chimachedwa kuuma. Cha thonje cholukidwa timabokosi ting'onoting'ono n'chopepuka, chimauma msanga, ndipo n'choyenera kumalo otentha kapena kwa munthu amene alibe malo abwino oyanikapo. Chovala cholemera chikamakhala chonyowa tsiku lonse chimayamba fungo la nkhungu, ndipo fungolo silichoka msanga.

Lamulo lomweli likugwira pa thaulo, yomwe kunena zoona ndi mphatso yabwino kuposa mmene anthu amaiganizira. Pa lebulo pamalembedwa GSM, kutanthauza kulemera kwa nsaluyo m'magalamu pa sikweya mita imodzi. Yochepera 400 ndi yopyapyala, yoyenera kunyamula pa ulendo. Ya pakati pa 400 ndi 600 ndiyo ya tsiku ndi tsiku. Yopitirira 600 ndi yofewa komanso yochindikala, koma imafuna dzuwa lokwanira. Thaulo yaikulu yosambira imakhala pafupifupi masentimita 70 m'lifupi ndi 140 m'litali. Onani mpendero: ukhale wopindidwa kawiri ndi kusokedwa mizere iwiri, chifukwa thaulo imayamba kutha m'mphepete. Muuzeni wolandirayo aichape asanaigwiritse ntchito, popeza yatsopano imabwera ndi mankhwala oisalalitsa omwe amakana madzi, ndipo asamathiremo mankhwala ofewetsa zovala, chifukwa amakuta ulusi n'kuchepetsa mphamvu yomwa madzi.

Zovala zogonera ndi mphatso yokoma ngati saizi yakwana, ndipo saizi ndiye gwero la mavuto. Zilembo S, M ndi L sizifanana kwa opanga onse. M wa kampani ina akhoza kukhala L wa ina. Njira yodalirika ndi kutenga malaya omwe munthuyo amavala kale, kuwayala pathebulo, kuyeza kuchokera kukhwapa lina kufika kukhwapa linalo, n'kuchulukitsa kawiri. Nambala imeneyo ndi ya pachifuwa. Chitani chimodzimodzi ndi m'chiuno mwa buluku, ndiponso yezani mwendo kuchokera pamphechepeche mpaka kumapeto. Ngati tchati cha wopanga chili m'mainchi, inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Kumbukirani kuti nsalu ya thonje yomwe sinachapidwepo kufakitale imabwerera ndi 3 mpaka 5 peresenti ikachapidwa koyamba, choncho buluku wa masentimita 100 akhoza kufupika ndi masentimita atatu kapena asanu. Mukakhala pakati pa masaizi awiri, tengani yaikulu. Chovala chogonera chokhwepa chimavalika, chothina chimangokhala m'sutikesi.

Chitembenuzeni chovalacho muone misoko. Kokani pang'ono mbali ziwiri za msoko: ngati pakuoneka timipata, ung'ambika posachedwa. Lasitiki wa m'chiuno akhale wotakata, masentimita atatu kapena kuposerapo, ndipo akhale wosokeredwa kunsalu. Wongolowetsa m'kampata amapotana akachapidwa ndipo amadya m'chiuno. Pa nsalu zofiira, zakuda ndi zabuluu wakuda, kupukuta m'kati mwa mpendero ndi kansalu koyera konyowa kumaonetsa ngati chovalacho chidzachuche. Thonje losakaniza ndi ulusi wotanuka wotchedwa elastane wa 3 mpaka 5 peresenti limatambasuka bwino osataya maonekedwe. Nsalu za viscose ndi modal n'zozizirira komanso zofewa, koma viscose imafooka ikanyowa, choncho siifuna kufinyidwa mwamphamvu.

Werengani kalebulo ka kachapidwe musanalipire, chifukwa mphatso yovuta kusamala ndi mtolo. Kabeseni kolembedwa 30 kapena 40 kakunena kutentha kwa madzi. Kasimbi kokhala ndi kadontho kamodzi ndi kusita pa madigiri osapitirira 110, timadontho tiwiri 150, titatu 200. Kabeseni kodulidwa ndi mtanda kakutanthauza kuti chovalacho sichichapidwa m'madzi, ndipo chotere musampatse munthu wotanganidwa.

Masokosi anthu amawapeputsa, koma abwino amavalidwa kuposa mphatso ina iliyonse. Pewani a thonje lokhalokha, chifukwa amakhwepa n'kumatsikira m'nsapato. Abwino amakhala ndi thonje lochuluka, nayiloni wolimbitsa chidendene ndi kuzala, ndi elastane pang'ono. Pisani dzanja mufufuze msoko wa kuzala: ukakhala wotukuka umachititsa matuza. Kwa munthu wodwala shuga kapena wotupa miyendo, sankhani osathina kumtunda. Aubweya wa nkhosa za merino amafunda ndipo sanunkha msanga, koma amafuna madzi ozizira, apo ayi amabwerera mpaka kukhala a mwana.

Chipewa chogonera cha satini ndi pilokesi ya satini ndi mphatso zomwe zimaoneka zazing'ono koma zimathandizadi, makamaka kwa anthu a tsitsi lopotana kapena lolukidwa. Nsalu ya thonje imakhula tsitsi usiku wonse ndi kumwa mafuta ake, pomwe satini amaterera. Dziwani kuti mawu oti satini akunena kalukidwe ka nsalu, osati ulusi wake. Satini wambiri ndi wa polyester, ndipo amagwira ntchito, kungoti amatentha. Silika weniweni amadutsa mpweya bwino, ndipo kulemera kwake kumayezedwa ndi momme: 19 mpaka 22 ndi woyenera pilokesi. Pa chipewa, chenjerani ndi lasitiki wopyapyala wothina, chifukwa amadula tsitsi la m'mphepete mwa chipumi, lomwe ndi losalimba kale. Cha lamba wotakata kapena chomanga ndi zingwe ndicho chabwino.

Kwa abambo, mabokosi ambiri amabwera ndi lezala wa mipeni itatu kapena isanu. Kwa munthu wa ndevu zopotana, lezala wotere ndi amene amabweretsa totupa pakhosi. Mpeni woyamba umakoka tsitsi, wotsatira n'kulidula pansi pa khungu, ndiye pomera limapindika n'kulowa m'mnofu. Makina ometera amagetsi omwe amasiya tsitsi lalifupi pang'ono, kapena lezala wa mpeni umodzi, amachepetsa vutoli. Pogula makina, onani ngati mipeni yake imachotseka kuti itsukidwe, ngati muli kabotolo ka mafuta othira pamipeni, ndiponso ngati chaja yake ikugwirizana ndi magetsi a komwe munthuyo amakhala. Yolembedwa 100–240V imagwira kulikonse. Mafuta opaka mukameta okhala ndi alcohol wambiri amawawa ndi kuumitsa, bola kirimu wopanda fungo.

Pafyumu ndi mphatso ya munthu amene mumamudziwa bwino. Fungo limasintha likafika pakhungu, ndipo lomwe mumamva m'mphindi zoyamba si lomwe limatsala pakapita ola. Njira yosaphonya ndi kugula yemwe munthuyo amagwiritsa kale ntchito. Pafyumu wolembedwa eau de parfum amakhala ndi mafuta onunkhira pafupifupi 15 mpaka 20 peresenti, wolembedwa eau de toilette 5 mpaka 15, pomwe kopopera thupi ka m'mabokosi kamakhala ndi ochepa kwambiri, n'chifukwa chake kamazimirira msanga. Botolo la 30 ml la eau de parfum limaposa botolo lalikulu la kopopera thupi. Lisungidwe m'katoni yake, kutali ndi dzuwa ndi kutentha, osati kubafa.

Pali zina zosayenera kupereka n'komwe. Mafuta oyeretsa khungu ali patsogolo. Ambiri ogulitsidwa popanda chilolezo amapezeka ndi mercury, hydroquinone kapena mankhwala amphamvu ngati clobetasol. Mercury amaononga impso ndi mitsempha, clobetasol amapyapyalitsa khungu, ndipo hydroquinone akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amasiya mabanga akuda ovuta kuchiza. Mafuta ochotsa fungo la m'khwapa, ochiza ziphuphu ndi ochotsa makwinya, ngakhale ali abwino, amanyamula uthenga womwe ungakhumudwitse wolandira, pokhapokha atachita kupempha yekha. Zovala zam'kati nazo n'zovuta: saizi ikalakwika, masitolo ambiri salola kubweza.

Bokosi lokonzedwa kale lingakhale loyenera ngati lili ndi mabotolo a saizi yonse, a 200 ml kapena kuposa, a mtundu womwe wolandirayo amaukonda kale, kapena ngati ndi munthu woyendayenda pa ndege, poti zamadzimadzi zonyamula m'manja kumabwalo ambiri siziyenera kupitirira 100 ml pa botolo. Kupatula apo, konzani nokha: thaulo ya thonje ya GSM 500 ndi chitini cha kirimu wopanda fungo cha magalamu 300 kapena kuposa, kapena zovala zogonera zoyezedwa bwino ndi mapeya atatu a masokosi. Musadule lebulo ya pachovala, ingochotsani kapepala ka mtengo, ndipo sungani risiti kuti saizi ikalakwika musinthe. Pomanga, matani chitsekerero cha mafuta ndi selotepi n'kuika botololo m'kajumbo kakekake, chifukwa mafuta akatayikira pa satini kapena silika amasiya banga lovuta kuchotsa.